Wodwala womvera ndi wotani pamaso pa namwino?

Mayi wa Mapasa:
Moni nonse m'gulu muno. Ndikudziwa kuti muli anamwino angapo muno, ndiye chonde mutithandize. Timamva kawirikawiri kuti wodwala azikhala womvera akapita kuchipatala. Kodi kumvera kumeneku n'kutani kwenikweni? Pa benchi podikira ndimaona anthu a mitundu iwiri. Ena amalowa atakwiya kale namwino asanatsegule n'komwe pakamwa. Ena, omwenso ndi ambiri, amangoti "eya, eya" pa chilichonse, kenako akatuluka panja n'kumafunsa anzawo kuti, "Paja anati ndizimwa kangati?" Oyambawo aliyense amawadzudzula. Achiwiriwa timawayamikira kuti ndi aulemu, koma ine ndikuona ngati ndi amene ali pangozi yaikulu. Ndikulakwitsa kapena?

Namwino Wausiku:
Simukulakwitsa mayi. Ine chimene ndimafuna kwa wodwala koposa zonse n'chakuti andiuze zoona. Ntchito yanga yonse imayambira pa zomwe wandiuza. Makina amandipatsa manambala, koma sanganene kuti munthu watha masiku angati osamwa mankhwala.

Tiyerekeze bambo wina amamwa mankhwala a BP, ndipo anamuthera, kapena anawasiya chifukwa amamukodzetsa usiku. Ndikumuyeza, ndikupeza BP yakwera. Ndikumufunsa ngati akumwa tsiku lililonse, iye poopa kukalipiridwa akuti eya. Ndilemba zomwezo. Adokotala aona ngati mankhwalawo sakugwira ntchito, ndiye awonjezera mlingo kapena aikapo ena. Bamboyo akafika kunyumba n'kuyamba kumwa onse mokhulupirika, BP imatsika kupyola muyeso, chizungulire chimamugwira, amagwa m'bafa. Chamugwetsa ndi "eya" uja.

Ndipo musaganize kuti kudumphitsa mankhwala n'chinthu chachilendo kwa ife. Mu 2003 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti loti ngakhale m'mayiko olemera, mwa anthu omwe ali pa mankhwala a matenda okhalitsa, pafupifupi theka lokha ndi amene amamwa motsatira malangizo. Ndiye mukandiuza kuti mwadumphitsa, sindidabwa. Ndimangofuna kudziwa chifukwa chake kuti tipeze njira.

Wodwala Shuga:
Nanga mankhwala azitsamba anesi? Ambirife timaopa kutchula chifukwa nkhope ya namwino imasinthiratu.

Namwino Wausiku:
Tchulani ndithu, ngakhale nkhope isinthe. Zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Pali chitsamba chotchedwa St John's wort chomwe chimagulitsidwa m'mabotolo m'mayiko ambiri. Chimafooketsa ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Zina zimavulaza chiwindi kapena impso, ndipo tikaona magazi asokonekera timayamba kufufuza kwina pomwe yankho lili m'chikwama mwanu.

Si zitsamba zokha. Mankhwala ogula nokha nawonso. Mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac anthu amangomwa osaganizira, koma amatha kukweza BP ndi kuwononga impso, ndipo kwa munthu amene ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amatha kuyambitsa kutaya magazi. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono kaja. Mayi akapanda kunena kuti akulera, amadzazindikira ali ndi pakati. Chophweka n'chakuti mutenge mapaketi ndi mabotolo onse omwe mukumwa, muike m'kajumbo, mudzatitsanulire patebulo. Kunena kuti "timapiritsi toyera ting'onoting'ono" sikutithandiza, mapiritsi oyera ndi ambirimbiri.

Dalaivala wa Mtunda Wautali:
Pepani anesi, koma nkhaniyi mwaiyambira kolakwika. Bwanji osayamba ndi anamwino anzanu? Ine mkazi wanga anakalipiridwa akubereka, akumva ululu, namwino n'kumamuuza mawu oti sindingawalembe muno. Ine ndemwe ndinafunsapo kuti mankhwala awa ndi a chiyani, yankho lake linali loti, "Mukudziwa kuposa ife?" Kuyambira pamenepo ndimangokhala chete. Mukufuna tizinena zoona, koma amene anatiphunzitsa kubisa ndi inu nomwe. Munthu sungaulule kwa amene akukunyoza.

Agogo Aakazi:
Mwanangu wanena zomwe ambiri tili nazo mumtima. Ife achikulire timalankhulidwa ngati ana.

Namwino Wausiku:
Achimwene, sindikutsutsani. Zomwe anachitiridwa akazi anu n'zolakwika, palibe kutopa komwe kungazilungamitse. Ndipo mwanena chinthu choona chomwe ife tomwe timachidziwa: wodwala akakalipiridwa kamodzi, namwino wotsatira sadzamvanso zoona kwa iye. Mnzanga wamwano amandiwonongera ntchito ineyo.

Chimene ndikukupemphani n'chimodzi. Kukhala chete kumene mwasankhako kumapweteka inuyo, namwino wamwano uja sakumva kanthu. Iye wapita kwawo kukagona, inu mwatsala ndi mankhwala omwe simukudziwa ntchito yake.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndiikepo manambala pang'ono, osati pofuna kuikira kumbuyo mwano, koma kuti tione kukula kwa vutoli. Lipoti la WHO la mu 2020 linati padziko lonse panali anamwino pafupifupi 27.9 miliyoni, ndipo ankaperewera ndi 5.9 miliyoni, makamaka m'mayiko osauka. Bungwe lomwelo limati pakati pa 8 ndi 38 mwa ogwira ntchito zaumoyo 100 aliwonse amamenyedwapo nthawi ina pa ntchito yawo, osawerengera otukwanidwa. Ndiye m'chipinda muja mumakumana anthu awiri, wina ali ndi mantha ndi ululu, wina watopa ndipo mwina dzulo lake anatukwanidwa ndi wachibale wa wodwala. Aliyense amalowa atadzitchinjiriza kale.

Dalaivala wa Mtunda Wautali:
Manambalawo ndawamva aphunzitsi. Koma inenso ndimagwira ntchito usiku wonse, sinditukwana anthu.

Mphunzitsi Wopuma:
N'zoona bambo, ndipo pamenepo sindikutsutsani.

Mlongo Wamng'ono:
Ine changa n'cha mzere. Umafika m'mamawa, wakhala maola, kenako wina wangofika kumene akulowetsedwa iwe ukuona. Pamenepo mtima ungaugwire bwanji? Si kukondera kumeneko?

Namwino wa Ana:
Nthawi zina kukondera kumakhalapo, sindingakane. Koma kawirikawiri chomwe mwaonacho ndi kusankha odwala malinga ndi kukula kwa vuto. Kuchipatala sitiyendera kuti wafika poyamba ndani, timayendera kuti ndani angamwalire tikachedwa. Mwana amene wangoti zii pamsana pa mayi ake, osalira, osayamwa, amandiopsa kwambiri kuposa amene akulira mokweza. Inu pa benchi mumaona mwana wogona, ine ndimaona mwana woti mphindi khumi zikubwerazi zingamutenge.

Koma apa ndi pomwe funso la Mayi wa Mapasa likugwira. Pali anthu amafooka pa mzere chifukwa cha ulemu, akuopa kuoneka ngati akudumpha anzawo. Chonde, zinthu izi musadikire nazo: kupweteka pachifuwa ngati pakanikizidwa, kubanika, kukomoka kapena kugwa khunyu, kutaya magazi ambiri, kufooka mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupotoka kapena mawu kusokonekera mwadzidzidzi, mwana wosatha kumwa kapena wosanza chilichonse, khanda losakwana miyezi iwiri lotentha thupi, mayi woyembekezera amene akutaya magazi kapena mutu ukumupweteka kwambiri ndi kuona zinthu mwachimbuuzi. Imirirani, pitani kutsogolo, nenani. Ndipo ngati munayezedwa kale n'kuuzidwa kuti mudikire koma zinthu zasintha, bwereraninso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndili ndi anthu ambiri oti ndiwaone, sindingadziwe kuti amene ndinamuona ola lapitalo tsopano akubanika.

Mlongo Wamng'ono:
Zikomo achemwali. Akanamatiuza chonchi pa mzere pomwepo, mitima ikanamakhala pansi.

Namwino wa Ana:
N'zoona, mawu awiri okha ofotokoza amatha kuthetsa mkangano. Ife timaiwala kufotokoza.

Wodwala Shuga:
Ndifunseko za BP. Kunyumba ndikadziyeza imakhala bwino, kuchipatala imakwera. Kodi makina awo ndi olakwika?

Namwino Wausiku:
Mwina ayi. Anthu ambiri BP imawakwera akangolowa m'chipinda choyezera chifukwa cha nkhawa, ndipo n'zodziwika bwino. Koma palinso zambiri zomwe wodwala angachite kuti nambala ituluke yoona. Musalowe wefuwefu n'kupereka mkono nthawi yomweyo, khalani pansi mphindi 5 kaye. Kodzani musanayezedwe, chikhodzodzo chodzaza chimakweza BP. Musasute fodya kapena kumwa khofi mphindi 30 musanayezedwe. Msana utsamire kumpando, mapazi onse apondetse pansi, miyendo isapingasane, mkono ugone patebulo molingana ndi mtima. Lamba wa makina akhudze khungu, asamangidwe pamwamba pa juzi. Ngati mkono wanu ndi waukulu ndipo lambayo akuoneka wamng'ono, funsani ngati pali wamkulu, chifukwa wamng'ono amaonetsa nambala yokwera.

Ndipo musalankhule makina akamapopa. Apa ambiri amatiyesa amwano tikati "khalani kaye chete", koma kulankhula kumakwezadi nambala. Kuti munthu atchedwe wa BP, nambala imayenera kufika 140/90 kapena kupyola pa masiku awiri osiyana, osati kamodzi kokha. Ngati muli ndi makina kunyumba, lembani manambala anu ndi tsiku lake mudzationetse. Zimatithandiza kwambiri.

China: mukamwa paracetamol kapena kum'mwetsa mwana musananyamuke, nenani ndi nthawi yake. Sindikuti musamwe. Koma mankhwalawo amatsitsa kutentha kwa thupi, ndiye ine ndipeza 37 pomwe kunyumba kunali kopyola 38, n'kuganiza kuti palibe vuto. Mukaonanso namwino wagwira dzanja lanu nthawi yaitali osalankhula, mwina watha kale kuwerenga kugunda kwa mtima ndipo akuwerenga kapumidwe kanu. Sitinena chifukwa munthu akadziwa kuti akumuwerenga amasintha kapumidwe. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo nambala imeneyo ikakwera imatichenjeza msanga kuposa zina zambiri.

Agogo Aakazi:
Nanga kufunsidwa dzina kasanu tsiku limodzi? Wina afunsa, wina afunsanso, chikhalirecho zalembedwa m'kabuku. Ine zimanditopetsa, ndimaona ngati sakundilabadira.

Mzamba:
Agogo, kufunsa kumeneko ndiye kukulabadirani. M'wodi imodzi mumatha kukhala anthu awiri a dzina limodzi, ndipo odwala amasinthidwa mabedi. Namwino amaphunzitsidwa kutsimikiza asanapereke mankhwala kuti wodwala ndi yemweyo, mankhwala ndi omwewo, mlingo wake, njira yake ndi nthawi yake n'zolondola. N'chifukwa chake timafunsa dzina ndi tsiku lobadwa. Ndipo timafuna mutchule nokha dzinalo. Tikatchula ife, munthu wodwalika kapena wosamva bwino amangovomera ngakhale dzinalo si lake. Ine namwino amene angabwere ndi jakisoni osandifunsa dzina ndi amene ndingamuope.

N'chimodzimodzi funso loti pali mankhwala omwe amakuwengani. Lifunsidwe kakhumi, yankhani kakhumi. Penicillin amatha kutupitsa pakhosi munthu n'kubanika m'mphindi zochepa. Cotrimoxazole kwa anthu ena amatulutsa matuza thupi lonse mpaka m'kamwa ndi m'maso. Ngati zinakuchitikiranipo, lembetsani patsamba loyamba la kabuku kanu ndipo achibale anu adziwe, kuchitira tsiku lomwe simudzatha kulankhula.

Mayi wa Mapasa:
Amzamba, poti mwabwera, nenaniko za mafunso ochititsa manyazi aja. Atsikana ambiri amanama pa funso la msambo, makamaka mayi awo akakhala pomwepo.

Mzamba:
Limenelo ndi funso lomwe timanamizidwa kwambiri. Tikafunsa kuti munasamba liti komaliza, sitikufufuza khalidwe la munthu. Pali mankhwala omwe amavulaza mwana m'mimba, X-ray nayonso timasamala nayo kwa woyembekezera, ndipo mtsikana amene akumva kupweteka m'munsi mwa mimba atadumphitsa msambo akhoza kukhala ndi mimba yomwe yakhala m'chubu chodutsa dzira, kunja kwa chiberekero. Imeneyo ikaphulika munthu amataya magazi m'kati, ndipo imapha. Akanama pa funsoli, tingamupatse mankhwala a m'mimba wamba n'kumubweza kunyumba.

Ndiye kwa makolo ndi amuna operekeza, namwino akakupemphani kuti mutuluke kaye, tulukani mwamtendere. Kwa wodwala, muli ndi ufulu wonena kuti, "Ndikufuna ndilankhule nanu pa awiri." Muli ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe kapena katani akokedwe musanavule. Ngati amene akukuyezani ndi wamwamuna ndipo simukumasuka, pemphani kuti pakhale mayi wina m'chipindamo, kapena funsani ngati pali namwino wamkazi. Nthawi zina sapezeka, koma kupempha si mwano. Zomwe mwatiuza ndi zachinsinsi, namwino woulula za odwala akuphwanya malamulo a ntchito yake.

Operekeza ena amayankha mafunso onse m'malo mwa wodwala. Ndikufunsa mayi kuti pakupweteka ndi pati, akuyankha ndi bambo. Chikondi n'chomwecho, koma ululu akuumva ndi mwiniwake. Musiyeni ayambe, inu muwonjezere zomwe waiwala.

Dalaivala wa Mtunda Wautali:
Chabwino. Ndiye ndifunse molunjika. Kodi ndili ndi ufulu wokana? Kapena ndikakana ndiye kuti ndine wodwala wovuta?

Namwino Wausiku:
Muli nawo. Munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino sangabayidwe, kutengedwa magazi kapena kuchitidwa opaleshoni iye asanavomere, ndipo kuti avomere ayenera kuuzidwa kuti chikuchitika n'chiyani, ubwino wake ndi kuopsa kwake. Chimene chimativuta ife ndi kukana kobisa: kulandira mapiritsi n'kuwaika pansi pa pilo, kuvomera tsiku lobweranso ukudziwa kuti subwera, kuthawa m'wodi usiku. Amene wandiuza maso ndi maso kuti "jakisoni uyu sindikumufuna, ndikuopa chakuti" ndimatha kukambirana naye. Mwina mantha akewo ali ndi yankho, mwina pali njira ina, mwina akanabe ndipo ndilemba kuti wakana atafotokozeredwa. Zonsezo n'zabwino kuposa kundipusitsa.

Ndipo funso lanu lija loti mankhwala awa ndi a chiyani linali funso labwino kwambiri. Musalisiye. WHO imati pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 aliwonse amavulazidwa mwanjira ina polandira chithandizo, ndipo zambiri mwa izo n'zopeweka. Wodwala ndiye mlonda womaliza. Mukaona piritsi la lero lasiyana mtundu ndi la dzulo, funsani musanameze. Nthawi zambiri yangosintha ndi kampani yopanga, koma tsiku lina funso limenelo lidzagwira cholakwika changa, ndipo ndidzakuthokozani.

Mphunzitsi Wopuma:
Safunsa adadya phula. Ndiwonjezere za kusamba m'manja. Mu 1847 ku Vienna, m'dziko la Austria, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ambiri akumwalira ndi matenda atangobereka m'wodi momwe madokotala ankalowa akuchokera kokapima mitembo. Analamula kuti azisamba m'manja ndi madzi a chlorine, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Anzake ambiri sanamumvere. Lero nkhaniyo palibe amaitsutsa, koma munthu wotanganidwa amaiwalabe. Kodi anesi, wodwala angakukumbutseni osakhumudwa?

Namwino wa Ana:
Ena akhumudwa, tisanamizane. Koma kumbutsani ndithu, makamaka asanagwire bala, kanula (kachubu koikidwa mumtsempha kolowetsera diripi) kapena khanda. Kanenedwe ndiye kofunika. "Pepani anesi, ndimaopa matenda pabalapa, mwasamba kale m'manja?" Mawu amenewo namwino wanzeru amawalandira. Magolovesi omwe wagwirira wodwala wina sali oyera chifukwa choti ndi magolovesi.

Wosamalira Bambo Ake:
Ine ndakhala nthawi yaitali m'wodi ndi bambo anga. Ndaona anthu akutsegula okha diripi kuti ithe msanga apite kuchimbudzi kapena agone bwino. Ndinkachita mantha koma sindinkadziwa chowauza.

Namwino Wausiku:
Auzeni kuti asakhudze, aitane namwino. Liwiro la diripi limawerengedwa. Madzi akalowa mothamanga mwa munthu wa vuto la mtima kapena impso, kapena mwa mwana, amadzaza m'mapapo munthu n'kubanika. Mankhwala ena, monga potassium, akalowa mothamanga amasokoneza kagundidwe ka mtima. Chomwe mungatithandize ndi kuyang'ana: pamene pali kanula pakatupa, pakafiira, pakamapweteka kapena diripi ikaima, tiuzeni. Munthu akamaikidwa magazi, mphindi 15 zoyambirira ndi zofunika kwambiri. Akayamba kunjenjemera, kutentha, kuyabwa, kupweteka msana kapena kubanika, thamangani mudzatiitane, musadikire kuti tidutse.

Pali zina zitatu zomwe timakangana ndi odwala pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zonse zimaoneka ngati nkhanza. Choyamba ndi kusadya opaleshoni isanachitike. Kawirikawiri amati maola 6 osadya ndi maola 2 osamwa ngakhale madzi, koma tsatirani zomwe akuuzani. Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala, zomwe zili m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Wachibale wachifundo amene wam'patsa wodwala kachakudya mobisa wamuika pangozi yeniyeni. Ngati wadya, nenani. Opaleshoni ichedwa, koma munthu akhala moyo.

Chachiwiri ndi kudzutsidwa kuti uyende tsiku lotsatira opaleshoni, bala likupweteka. Odwala amatida nazo zimenezi. Koma kugona osasuntha kumaundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo magazi oundanawo akasuntha n'kukafika kumapapo amapha mwadzidzidzi. Kugona kumabweretsanso chibayo. Pemphani mankhwala a ululu kaye, kenako dzukani. Chachitatu ndi kutembenuza wodwala amene sangathe kudzitembenuza, pafupifupi maola awiri aliwonse, ngakhale usiku. Zilonda za pabedi zimayamba msanga ndipo zimavuta kupola.

Wosamalira Bambo Ake:
Za ululuzo, bambo anga amati "ndili bwino" namwino akafunsa, akangochoka n'kuyamba kubuula. Amati mwamuna sadandaula.

Mzamba:
Amenewo ndi ambiri. Tikafunsa kuti ululu uli pati pakati pa 0 ndi 10, tikufuna tidziwe mankhwala oyenera komanso ngati omwe tapereka agwira. Wobisa ululu sapuma mokoka mpweya, satsokomola, sayenda, ndiye amachedwa kuchira. Wokokomeza nayenso amatisokoneza, chifukwa akati 10 nthawi zonse sitidziwa tsiku lomwe zafikadi poipa. Auzeni bambo kuti anene malo ake, kuti ukubaya, ukuwotcha kapena ukukoka, unayamba liti, ndi chomwe chimauwonjezera. Ngati iwo sanganene, inuyo m'tsatireni namwinoyo mum'fotokozere zomwe mukuona.

Namwino wa Ana:
Ndipemphe chimodzi kwa makolo. Lekani kuopseza ana ndi ife. "Ukapanda kumvera ndikakubayitsa kwa anesi." Mwana ameneyo tsiku lomwe wadwaladi amafika akukuwa asanandione n'komwe, ndipo kumupeza mtsempha kumakhala nkhondo. Musamunamizenso kuti sizipweteka. Muuzeni kuti zipweteka pang'ono ndipo zitha msanga, m'khazikeni pamiyendo panu, m'kumbatireni. Wakhanda muyamwitseni pomwe akubayidwa katemera, ululu umachepa. Tikati tim'kweze pasikelo musaone ngati tikutaya nthawi, mlingo wa mankhwala a ana timawerengera kulemera kwake.

Mayi wa Mapasa:
Pa zomwe ndinayamba nazo zija, za anthu otuluka osamva malangizo, mungatani kuti zichepe?

Namwino Wausiku:
Musanadzuke pampando, bwerezani mokweza zomwe mwamva. "Ndiye mwati limodzi m'mawa, limodzi madzulo, masiku asanu, ndibwerenso pa tsiku lakuti?" Zimatenga kanthawi kochepa, ndipo ngati mwamva molakwa ndikukonzani pomwepo. Funsaninso kuti ndi zizindikiro ziti zomwe zikaoneka mubwerere msanga, komanso ngati mankhwalawo ali ndi zovuta zoti muziyembekezere. Munthu amene sanauzidwe kuti rifampicin amafiiritsa mkodzo amaganiza kuti akukodza magazi n'kusiya mankhwala a TB. Ngati simutha kuwerenga kapena maso amavutika kuona zing'onozing'ono, nenani, tijambula zizindikiro papaketi. Ngati simumva bwino, nenani poyamba pomwe kuti tikweze mawu ndi kukuyang'anani polankhula. Musananyamuke kunyumba, konzani m'mutu kapena papepala kuti vuto lalikulu ndi liti, linayamba liti, ndi mafunso awiri kapena atatu. Ambiri amatchula chinthu choopsa kwambiri ali pakhomo potuluka.

Dalaivala wa Mtunda Wautali:
Zambiri ndazimva ndipo zina sindinkazidziwa. Koma funso langa likadalipo. Ndachita zonsezi, ndapereka moni, ndafunsa mwaulemu, iye wanditukwanabe. Nditani?

Mzamba:
Musabwezere pomwepo, chifukwa nkhani imasanduka ya mkangano wanu, cholakwa chake n'kubisika. Nenani modekha kuti, "Sindinakulakwireni, chonde musandilankhule chotero," ndipo funso lanu mulifunsebe. Akakana kuyankha, funsani namwino wina, adokotala kapena wopereka mankhwala. Musachoke musanadziwe kamwedwe ka mankhwala anu. Kenako lembani tsiku, nthawi, malo, dzina lake ngati mwaliona, ndi mawu enieni omwe ananena. Pitani kwa namwino wamkulu woyang'anira wodi kapena chigawocho. Zipatala zambiri zili ndi ofesi kapena munthu wolandira madandaulo, ndipo m'mayiko ambiri muli bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa anamwino ndi azamba, lomwe lili ndi mphamvu yolanga. Dandaulo lolembedwa bwino limagwira ntchito kuposa kukuwa pakhonde, ndipo limateteza mayi wotsatira amene adzagone pabedi lomwe anagona akazi anu. Ife amene timaikonda ntchitoyi timafuna madandaulo amenewo afike.

Dalaivala wa Mtunda Wautali:
Sindikulonjeza kuti mtima wanga wasintha pa zomwe zinachitika zija. Koma zolemba tsiku ndi mawu ake ndazitenga, ndipo kufunsa ndiyambiranso.

Mlongo Wamng'ono:
Langa lomaliza. Ine ndikaona singano ndimachita chizungulire, ndipo mitsempha yanga imavuta kupeza, amandibaya kangapo. Mawa ndikukatengedwa magazi. Ndichite bwanji?

Namwino wa Ana:
Nenani zonse ziwiri musanakhale pampando, achemwali. Wochita chizungulire timamutenga magazi atagona, ndipo palibe chochititsa manyazi, zimachitikira ngakhale amuna amphamvu. Funsani lero ngati kuyezako kukufuna kuti musadye; kwa shuga wa m'mawa amati maola osachepera 8, koma madzi akumwa nthawi zambiri amaloledwa. Imwani madzi okwanira ndipo mkono ukhale wofunda, mitsempha imaoneka bwino. Ngati mukudziwa mkono kapena malo omwe anapezapo mosavuta kale, lozani. Yang'anani kumbali, pumani pang'onopang'ono, musagwedeze mkono. Akakubayani kawiri osapeza, mukhoza kupempha kuti ayese wina. Akamaliza, kanikizani thonje mphindi zingapo mkono uli wowongoka, musaupinde, ndipo khalani kaye pansi mpaka mutu utayera. Onetsetsaninso kuti kabotolo ka magaziko kalembedwa dzina lanu inu mukuona, ndipo funsani tsiku lodzatenga zotsatira.